Mmene tingakonzere masekondi a maloboti kuti magalimoto asamaunjikane mu Lusaka

Milatho yodutsa pamwamba pa misewu imene inamangidwa ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres inapeputsa ulendo m'malo amenewo, koma aliyense wolowa m'tauni m'mamawa kudzera mu Great East Road kapena Kafue Road amadziwa kuti mzere wa magalimoto umakamangikabe pa maloboti. Loboti ikamagawa nthawi potengera mmene magalimoto ankayendera zaka zapitazo, nyale yobiriwira imayakira msewu wopanda kanthu pamene mbali inayo anthu angoima, injini zikulira. Galimoto yaing'ono yoima chonchi imamwa petulo woposa theka la lita pa ola, ndipo imamwanso wambiri nthawi iliyonse ikamanyamuka. Kukonza masekondi kumachepetsa zonsezi popanda kukumba msewu, n'chifukwa chake ndikuona kuti ntchitoyi iyenera kuyamba isanaganiziridwe ina yodula.

Choyamba ndi kuwerenga magalimoto. Sankhani tsiku lapakati pa sabata sukulu zili zotsegula, ndipo muike munthu mmodzi pa msewu uliwonse wolowa pa mphambano, ali ndi pepala ndi wotchi. Alembe chiwerengero pa mphindi 15 zilizonse, m'mawa, masana ndi madzulo, kusiyanitsa opita molunjika, okhotera kumanzere ndi okhotera kumanja. Okhotera kumanja muwasamale kwambiri, chifukwa kuno timayenda kumanzere, kotero iwo amadikira obwera kutsogolo ndipo galimoto imodzi yokha ikhoza kutsekereza onse a m'mbuyo mwake. Malole ndi mabasi aakulu alembedwe paokha popeza amanyamuka mochedwa. Mulembenso malo amene maminibasi amaimapo kukweza anthu, pakuti minibasi yoima pakamwa pa mphambano, kondakitala akuitanira, imadya nthawi yonse ya nyale yobiriwira, ndipo vuto limenelo silithetsedwa ndi masekondi.

Kenaka gawani nthawi. Mzere ukayamba kuyenda, galimoto iliyonse imatenga masekondi pafupifupi 2 kuti idutse, choncho masekondi 30 amatulutsa magalimoto 14 kapena 15 pa mzere umodzi. Msewu wonyamula magalimoto ochuluka upatsidwe gawo lalikulu molingana ndi chiwerengero chake. Nthawi yoti nyale zizungulire mbali zonse kawirikawiri imakhala pakati pa masekondi 60 ndi 120. Ikafupika kwambiri nthawi imathera pa kusinthana kwa nyale, ndipo ikatalikitsa madalaivala amatopa n'kuyamba kudutsa pa yofiira. Nyale yachikasu musaidule pofuna kupeza masekondi ena, chifukwa imateteza miyoyo. Oyenda pansi awerengeredwe mamita 1.2 pa sekondi, kutanthauza masekondi 15 pa msewu wa mamita 18, ndipo pafupi ndi chipatala, msika kapena sukulu onjezerani, poganizira agogo ndi mayi wobereka mwana atasenza katundu.

Phindu lalikulu limaoneka maloboti otsatizana akamamvana. Ngati awiri atalikirana mamita 500 ndipo magalimoto amayenda makilomita 50 pa ola, ulendowo ndi wa masekondi 36, choncho loboti yachiwiri iyatse yobiriwira patapita masekondi pafupifupi 36 yoyamba itayatsa. M'mawa dongosololi likomere olowa m'tauni, madzulo likomere obwerera kunyumba, ndipo usiku nthawi yozungulira ifupikitsidwe.

Amene amasintha masekondi m'bokosi la loboti ndi amisiri ovomerezeka, kotero nzika zimene zawerenga magalimoto zipereke mapepala awo ku khonsolo kudzera mwa khansala wa dera lawo. Masekondi atsopano akaikidwa, bwererani pamalopo kwa masiku angapo kukaona ngati mzere ukutha nyale isanafiire. Magetsi akathima ndi kuyakanso, wotchi za maloboti zikhoza kusemphana, choncho ziyenderedwe, ndipo kumene kungatheke ziikidwe mabatire kapena sola. Kuwerenga kubwerezedwe pakatha zaka 3 mpaka 5, kapena msanga ngati pafupi pamangidwa msika, sitolo zazikulu kapena nyumba zambiri.