Momwe mungasankhire ndi kumangira manifold yogula padera kuti ikhalitse pa injini ya turbo

Manifold yolowetsa mpweya ndi chipangizo chimene chimalandira mpweya wochokera ku throttle (kachitseko kamene kamatseguka mukaponda akiseleleta) n'kuugawira masilinda onse a injini. Pa injini ya petulo yokhala ndi turbo (makina okankhira mpweya wochuluka mu injini), manifold sipuma: dalaivala akachotsa phazi pa akiseleleta, mapisitoni amakoka mpweya throttle ili yotseka, ndipo makoma a manifold amakokedwera mkati; akapondanso, turbo imawakankhira kunja. Zimenezi zimachitika kambirimbiri pa ulendo umodzi. N'chifukwa chake manifold yambiri siphulika tsiku limodzi chifukwa cha mphamvu ya turbo, koma imatopa pang'onopang'ono ndi kupindikapindika, kutentha ndi kunjenjemera kwa injini, mpaka mng'alu utatuluka pafupi ndi powotcherera.

Choyamba, dziwani chimene mukufuna kusinthira manifold imene inabwera ndi galimoto. Yambiri ya masiku ano ndi ya pulasitiki, koma si pulasitiki wamba. Ndi nayiloni yosakaniza ndi ulusi wa galasi, ndipo mtundu wake wotchedwa PA66 umasungunuka pa madigiri pafupifupi 260. Mpweya wotuluka mu turbo umatha kupitirira madigiri 100, koma umayamba wazizira mu intercooler usanafike ku manifold, choncho kutentha kokha sikuiwononga msanga. Zimene zimakonda kufa ndi tizitseko ta mkati mwake, tomwe timatsegula ndi kutseka njira za mpweya. Pa injini za dizilo za BMW za M47 ndi M57, tizitseko totere tinadziwika ndi kuthyoka n'kumezedwa ndi injini, ndipo pa injini za 2.0 TSI za Volkswagen ndi Audi vuto la tizitseko limaonekera pa makina oyezera ndi nambala ya P2015. Ngati vuto lanu ndi limeneli ndipo turbo simunaikweze mphamvu, manifold yofanana ndi yoyambayo, yopangidwa bwino, ndi yokwanira. Ya aluminiyamu ya mimba (malo amene mpweya umasonkhana usanagawidwe) yaikulu ndi mapaipi aafupi imaoneka bwino mukatsegula boneti, koma kawirikawiri imachepetsa chikoka injini ikamazungulira pang'onopang'ono.

Mukatsimikiza kuti ya aluminiyamu ikufunikadi, yang'anani mmene inapangidwira, pakuti apa m'pamene pagona nkhani yonse. Pali youmba m'chikombole, pali yosema kuchokera ku chibuma chimodzi cha aluminiyamu, ndipo pali yodula mapepala a aluminiyamu n'kuwotcherera. Youmba imakhala yolemera koma imapirira, malinga ngati ilibe timabowo ta mpweya mkati mwa chitsulocho. Yosema ndi yolimba ndithu, ngakhale kuti yambiri imamangidwa m'zidutswa ziwiri ndi mabawuti, kotero mphira wa pakati pake ndi malo ena oyenera kuwayang'anira. Yowotcherera ndiyo imafuna diso lakuthwa. Aluminiyamu ya mtundu wa 6061-T6 imataya gawo lalikulu la mphamvu zake pamalo oyandikana ndi powotcherera, ndipo aluminiyamu iliyonse, ikamapindidwa mobwerezabwereza ngakhale pang'ono, mapeto ake imang'aluka.

Tengani tepi muyeze khoma lalikulu kwambiri la mimba ya manifoldyo. Mphamvu ya mpweya imayezedwa mu ma bar, ndipo bar 1 imakankha ndi kulemera kwa pafupifupi kilogalamu imodzi pa kamalo ka sentimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Khoma lathyathyathya la masentimita 30 m'litali ndi 10 m'lifupi, turbo ikamapereka bar 1.5, limasenza makilogalamu oposa 450, ndipo katundu ameneyu amabwera ndi kuchoka nthawi iliyonse mukasintha giya. Khoma lozungulira ngati la botolo la gasi limagawa katunduyo mbali zonse, pomwe lathyathyathya limapindika pakati n'kumakoka powotcherera m'makona. Choncho sankhani ya mimba yozungulira, kapena yokhala ndi nthiti zolimbitsira makoma. Ya maonekedwe a bokosi, ya makoma opyapyala oti amagonja mukawadina ndi chala chachikulu, musaigule ngakhale itapukutidwa mpaka kumaonetsa nkhope.

Kenako unikani ndi tochi mkati monse. Powotcherera pabwino pamaonetsa kuti chitsulo chinasungunuka mpaka kuseri. Ngati mkati mukuonekabe mzere wa pamene mapepala awiri anakumana, ndiye kuti anangomata pamwamba. Fufuzani tiziduswa ta chitsulo ndi mchenga wopukutira, chifukwa chilichonse chotsala mmenemo chidzalowa mu silinda. Itsukeni bwino, muiumitse.

Mbali imene imagona pa hedi ya injini iyenera kukhala yowongoka, ndipo moto wa powotcherera umakonda kuipinda. Gonekani lula yachitsulo yowongoka bwino pambaliyo, m'litali komanso mopingasa kuchokera pa kona kukafika pa kona inzake, n'kumayesa kulowetsa timasamba toyezera mipata pansi pake. Malire enieni atengeni m'buku la injini yanu, koma ngati kasamba ka mamilimita 0.1 kakulowa mosavuta pakati, ipititseni kwa amakina akaisalaze musanaimange. Kuiwongola ndi mphamvu ya mabawuti n'kuiyambitsira kutopa isanagwire n'komwe ntchito.

Musanaiike pa galimoto, iyeseni ndi mpweya. Tsekani makomo a masilinda ndi chitsulo chathyathyathya chokhala ndi mphira, tsekaninso timabowo ta masensa, ndipo polowera throttle muikepo chotsekera chokhala ndi valavu. Lumikizani kompulesa kudzera pa chochepetsera mphamvu chokhala ndi geji, mukweze mpweya pang'onopang'ono mpaka upitirire pang'ono mlingo umene turbo yanu idzapereke. Musalumikize kompulesa mwachindunji, pakuti thanki yake imasunga mphamvu yoposa kangapo imene manifold inapangidwira, ndipo musaime kutsogolo kwa chotsekera. Wazani madzi a sopo powotcherera ponse ndi m'mphepete mwa zisa za ma injector (tizipangizo topopera petulo mu injini). Pamene pali kabowo mudzaona timathovu ting'onoting'ono tikukula pamalo amodzi, ngakhale khutu lisakumva kalikonse. Tsekani valavu, muyang'ane ngati singano ya geji ikutsika.

Pomanga, gwiritsani ntchito gasiketi yatsopano ndipo musapake silikoni m'makomo, chifukwa mafuta amaifewetsa n'kukokedwera mu injini. Mabawuti ayambeni ndi manja onse, kenako muwamange ndi sipanala yoyezera mphamvu, kuyambira apakati kupita kumapeto, m'magawo awiri kapena atatu. Pa injini zambiri bawuti ya M8 imamangidwa pakati pa 20 ndi 25 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira umene uli pa sipanalayo), ndipo ya M6 pafupifupi 10 Nm, koma buku la injini ndilo loyenera kutsatidwa.

Chimene amakaniko ambiri amachinyozera ndi bulaketi yochirikiza. Manifold ya kufakitale nthawi zambiri imakhala ndi kachitsulo kochokera pansi pake kukafika pa buloko, ndipo ikachotsedwa, kachitsuloko kamatayidwa chifukwa sikakwana pa yatsopano. Zikatero, mimba yolemera, throttle ndi paipi ya intercooler zonse zimalendewera pa mapaipi olowa m'masilinda, ndipo injini ya masilinda anayi, imene mwachibadwa imanjenjemera kwambiri ikamathamanga, imazigwedeza mosalekeza. Mng'alu umayambira pamene mapaipiwo anawotchereredwa ku mbali yogona pa hedi. Pangitsani bulaketi yatsopano, ndipo imangeni pa injini, osati pa thupi la galimoto, pakuti injini imasuntha payokha pamaphira ake. Pakati pa throttle ndi paipi ya intercooler pakhale cholumikizira cha silikoni chokhala ndi mpata wopindika, ndipo mapaipi akhale ndi mlomo wotukuka kuti chomangira chisavuke. Mukamaliza, yatsani kiyi pampu ithamange, muonetsetse kuti pa ma injector sipakuchucha petulo musanalize injini.

Manifold ya mimba yosiyana imasintha kuchuluka kwa mpweya wolowa, choncho kompyuta ya injini iyenera kuchunidwa ndi katswiri, kuopa kuti silinda ina ingamalandire mafuta ochepa kapena moto ungabwerere mu manifold, zomwe zimatha kuing'amba nthawi yomweyo. Injini ikatentha ndi kuzizira maulendo angapo, bwerezani kuyeza mabawuti ili yozizira. Pa sevisi iliyonse pukutani powotcherera n'kuyang'ana kamzere kakuda ka mafuta, kamene kamaoneka mng'alu usanaoneke ndi maso. Injini ikayamba kusakhazikika itaima, kulira mluzu mukaponda, kapena kuonetsa pa makina oyezera nambala ya P0171, yosonyeza kuti mpweya wachuluka poyerekeza ndi mafuta, bwerezani kuyesa kwa madzi a sopo. Mng'alu ukapezeka, ichotseni pa galimoto, itsukidwe mafuta onse, wowotcherera aboole kabowo kumapeto kwa mng'aluwo asanaudzaze, ndipo mbali yogona pa hedi iyezedwenso isanabwezeredwe.