Momwe mungalembere chimangirizo cha mpikisano wa za demokalase

Pamakhala mipikisano ya ophunzira yolemba chimangirizo pa nkhani ya demokalase. Ambiri amalephera pa chifukwa chimodzi: amalemba za demokalase ya dziko lonse lapansi, n'kusiya ya pakhomo pawo.

Yambani ndi kuwerenga malamulo a mpikisano kawiri muli ndi aphunzitsi. Lembani pambali chilankhulo chimene akufuna, kuchuluka kwa mawu, tsiku lotsekera ndi njira yotumizira. Chimangirizo chabwino chikhoza kutayidwa chisanawerengedwe chifukwa chopyola mawu kapena kufika mochedwa.

Kenako chepetsani mutu. Mutu woti "Ubwino wa demokalase" ndi waukulu kwambiri. Funsani funso limodzi, monga lakuti: kodi mwana amene sanakwanitse zaka 18 zoponyera voti mawu ake amamveka kuti? Yankho mulipeza pa mmene pasukulu panu amasankhira mapulifekiti, kapena pa msonkhano umene khansala ndi anthu a m'mudzi amakambirana za mjigo wowonongeka.

Apa ndi pamene mwana wa ku Zomba ali ndi mwayi. Mzinda uno unali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo Nyumba ya Malamulo inapitiriza kukumana kuno kwa zaka zambiri pambuyo pake. Ku ndende ya Mikuyu ankatsekerako anthu pa zifukwa za ndale, ndipo Orton Chirwa, mtsogoleri woyamba wa chipani cha Malawi Congress Party, anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. Amene anaona zimenezi akadalipo. Khalani pansi ndi agogo kapena mkulu wina wa kumpingo, muwafunse mwaulemu mmene zinkakhalira munthu akafika pachipata cha msika alibe khadi ya chipani. Afunseninso za tsiku la riferendamu, pamene anthu ankasankha pakati pa nyali (zipani zambiri) ndi tambala wakuda (chipani chimodzi). Lembani mawu awo monga awayankhulira, ndipo muwapemphe kaye chilolezo musanatchule dzina lawo.

Masiku muwatsimikize m'buku. Kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma inawerengedwa pa 8 March 1992. Riferendamu inachitika pa 14 June 1993, ndipo chisankho chimene Bakili Muluzi anapambana chinali pa 17 May 1994. Ophunzira ambiri amasakaniza ziwiri zomalizazi, ndipo oweruza amaona msanga. Mukafuna chitsanzo china, pa 3 February 2020 khoti linathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019, anthu n'kukavotanso pa 23 June 2020.

Tiyerekeze kuti akufuna mawu 500. Chiyambi chitenge mawu ngati 60, thunthu likhale ndime zitatu za mawu 120 iliyonse, otsalawo akhale mathero. Ndime iliyonse inyamule mfundo imodzi ndi umboni wake. Musayambe ndi tanthauzo la demokalase loloweza m'kalasi lija, chifukwa anzanu ambiri ayambira pomwepo. Yambani ndi agogo aja ali pamzere wovotera. Ndime imodzi muipereke ku zimene sizikuyenda, monga kugawa ndalama nthawi ya kampeni, ndipo munene chimene inuyo mukuona kuti chingathandize. Kutamanda kapena kunyoza chipani kumakuchotserani malikisi.

Zokopera pa intaneti zimadziwika, chifukwa mawu ake samveka ngati a mwana wa msinkhu wanu. Aphunzitsi akhoza kukuwonetsani polakwika, koma asakulembereni.

Mukamaliza, chisiyeni usiku umodzi, m'mawa muchiwerenge mokweza. Pamene lilime likupunthwa, konzani. Powerengera mawu, werengani a m'mizere isanu, gawani ndi 5, n'kuchulukitsa ndi mizere yonse. Lembaninso pa pepala loyera ndi bolopeni, ikani dzina, kalasi ndi sukulu pamene auza, ndipo ngati pakufunika chidindo cha ahedi, musadikire tsiku lomaliza. Jambulani tsamba lililonse pa foni musanatumize.