Kugona m'tenti ku Dedza: Loweruka paphiri, Lamulungu kumapanga a Chongoni

Munthu akamva za kukagona kumapiri, maganizo amathamangira ku Nyika kapena ku Mulanje. Nyika ndiyedi paki ya kumapiri, yoyamba m'dziko muno, ya mu 1965. Koma ngati mumaweruka Lachisanu masana ndipo Lolemba m'mawa mukufunika kuntchito, ulendo wa ku Rumphi ungothera m'galimoto. Dedza ili pa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe pa msewu wa M1, ndipo wochokera ku Ntcheu amafika maola awiri asanakwane. Phiri lili kuseri kwa boma penipeni, mapanga a zojambula zakale ali chakumpoto.

Phiri la Dedza ndi Chongoni si mapaki, ndi nkhalango zotetezedwa za boma. Simupezako chipata chokhala ndi asilikali a nyama oti akukonzereni zonse. Ngati mukufuna kumanga tenti m'kati mwa nkhalango, pitani ku ofesi ya za nkhalango ya pa boma tsiku la ntchito mukapemphe chilolezo, ndipo mufunse dzina la mlonda wa dera limenelo. Lamulo la za nkhalango la 1997 sililola kuyatsa moto kapena kudula mtengo m'nkhalango zotere popanda chilolezo. Kwa oyamba kumene, chanzeru ndi kumanga tenti pa kapinga wa malo ogona alendo a m'mphepete mwa tawuni amene amalola zimenezi. Pamenepo pali madzi, chimbudzi ndi mlonda wa usiku, ndiye kuphiri mumakwera ndi kachikwama kopepuka.

Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Julayi. Mvula imakhala itatha, kumwamba kuli mbee, ndipo muli pansonga mumaona mapiri a ku Mozambique, tsiku lina ndi nyanja yomwe. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala anthu amatentha tchire, utsi umaphimba zonse, ndipo moto wolusa ukhoza kukutsekerani njira. M'dzinja njira zimaterera, ndipo pamwamba pa phiri, pafupi ndi nsanja zachitsulo, si malo okhalapo mphenzi zikamang'anima.

Vuto la miyezi yabwinoyo ndi chisanu, ndipo maulendo ambiri amaonongekera pamenepa. Tawuni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, nsonga ya phiri ili pa 2,198. Mamita 1,000 alionse amene mwakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Usiku wa mu Juni ndi Julayi kumatsika pansi pa madigiri 10, mwera ukamaomba ndiye umalowa mpaka m'mafupa.

Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti chisanu choopsa chimachokera pansi. Munthu amafunda mabulangete atatu koma wagona pa chitenje chokha, ndiye nthaka imamuyamwa kutentha usiku wonse. Yalani motere: pansi penipeni pepala lakuda la pulasitiki lija timafolerera nyumba, kenako tenti, m'kati mkeka kapena makatoni, pamwamba pake kamatilesi ka siponji, ndiyeno bulangete limodzi logonera. Lofunda likhale lina. Ngati mabulangete ndi awiri okha, limodzi lipite pansi. Pepala lakuda lija mulipinde kuti lisatulukire kunja kwa tenti; likatulukira limatunga mame ndi mawawa n'kuwalowetsa pansi pa msana wanu.

Zovala zogonera zikhale zouma, zosungidwa m'jumbo yakeyake: juzi, thalauza yofewa, sokosi ndi chipewa chaubweya. Malaya amene mwayendera masana ali ndi thukuta, mukagona nawo mudzuka pakati pa usiku mano akugundana. Jinzi si yokwerera phiri. Ikanyowa ndi mame a m'tsekera siuma tsiku lonse ndipo imakhula m'ntchafu.

Mbaula isalowe m'tenti, ngakhale makala atayaka bwino osatulutsa utsi. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umagonetsa munthu tulo tosadzuka, ndipo tenti yotseka imausunga. Wina akayamba kudandaula mutu, chizungulire ndi nseru pafupi ndi makala, mutulutseni panja pomwepo. Ngati kwazizira zedi, thirani madzi ofunda m'botolo lolimba, tsekani bwino, kulungani ndi sokosi, muike kumapazi.

Pomanga tenti fikani kusanade. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 madzulo. Sankhani malo okwererapo pang'ono. M'dambo ndi m'chigwa mumaoneka mosalala bwino, koma mpweya wozizira umatsetserekera momwemo usiku ndipo mame amachuluka. Yang'anani m'mwamba: bulugamu amathothola nthambi popanda chenjezo. Yang'ananinso pansi. Mukaona mzere wa linthumbu, samukani msanga, musalimbane nalo; mukamanga, wazani phulusa mozungulira tenti ndipo zakudya zamafuta zisagone pafupi ndi mutu. Khomo liyang'ane kumpoto kapena kumadzulo chifukwa mwera umachokera kummwera chakummawa. Zikhomo mukhome chopendeka, mutu wake utaloza kutali ndi tenti. Zoimirira njo zimazuka mphepo ikangokoka chingwe. Nsalu yapamwamba ikokedwe bwino kuti isakhudze yam'kati, ndipo kazenera ka pamwamba kakhale kotsegula ngakhale kukuzizira. Anthu atatu akapuma usiku wonse m'tenti yotsekeratu, m'mawa madzi amadontha kudenga ngati yathonya.

Kamba wa anthu anayi, mausiku awiri: ufa makilogalamu awiri, mpunga kilogalamu imodzi, mazira 12, usipa kapena soya, buledi muwiri, chiponde, masamba a tiyi, shuga, mchere ndi kabotolo ka mafuta. Kachewere, kabichi, tomato ndi anyezi musavutike kunyamula kuchokera kutawuni. Ochokera kummwera agule pa Lizulu kapena pa mphambano ya Tsangano, ena onse mumsika wa Dedza. Makala thumba laling'ono, machesi m'kabotolo kotseka. Nyemba zouma zisiyeni kunyumba. Pamalo okwera chonchi madzi amawira asanafike madigiri 100, pa Dedza amawira pa 95, ndiye nyemba zimadya makala ambiri zisanapse. Ngati simungachite popanda nyemba, phikiranitu Lachinayi. Mpunga nawo umafuna madzi oonjezerako ndi chivindikiro chokhala bwino. Mbaula muitchingire mphepo ndi miyala kapena katoni yoimika patali pang'ono, apo ayi phala la nsima lingofunda osabwata.

Madzi werengerani malita asanu pa munthu pa tsiku, akumwa ndi ophikira, kutanthauza zigubu ziwiri za malita 20 pa gulu la anayi pa masiku awiri. Timitsinje ta m'phiri timaoneka toyera, koma kumtunda kumayenda anthu otola nkhuni, ocheka matabwa ndi anyani. Wiritsani, kapena thirani kolorini monga mwa malangizo a pabotolo n'kudikira mphindi 30. M'kachikwama ka mankhwala mukhale mapaketi a ORS, mankhwala a mutu, pulasitala, bandeji yotamuka ya wobinya mwendo ndi mankhwala amene wina aliyense amamwa masiku onse.

Loweruka nyamukani 7 koloko isanakwane. Kuchokera mtawuni mpaka pansonga mukwera mamita pafupifupi 600, maola awiri ndi theka kapena atatu kwa munthu woyenda bwinobwino, kutsika maola awiri. Njira yosasokoneza ndi msewu wafumbi wopita ku nsanja za mawailesi ndi mafoni. Ndi wokhotakhota, koma susocheretsa. Tinjira tachidule todutsa m'mapaini n'ta otola nkhuni, tambiri timathera pa chitsa. Pansanja si pamapeto: njira imapitirira pamsana pa phiri, m'udzu ndi m'tinkhalango tachilengedwe, mpaka pansonga yeniyeni. Apa ndi pamene wokuperekezani wa m'deralo amathandiza. Gwirizanani mtengo musananyamuke, ndipo chakudya chamasana mumuwerengere.

Aliyense anyamule malita awiri a madzi, juzi, chovala chotchinga mphepo, tochi ndi chakudya chosafuna moto: mtedza, nthochi, mazira owiritsa, mbatata yootcha. Nsapato zikhale zozolowera phazi ndi zamano pansi. Yatsopano imatulutsa matuza musanafike theka la njira. Pamene payamba kutentha matanipo pulasitala nthawi yomweyo, musadikire kuti patuze. Woyenda pang'onopang'ono ndiye akhale patsogolo.

Ikani nthawi yobwerera musanayambe kukwera: 1 koloko masana, kaya mwafika pansonga kaya ayi. Ngozi zambiri zimachitika potsika, mawondo atatopa, munthu akuthamangitsana ndi mdima. Masamba ouma a paini pamtsetse amaterera ngati therere, tsikani chammbali ndi ndodo. Chifunga cha ku Dedza chimabwera mwadzidzidzi, mphindi zochepa mnzanu ali apo simukumuonanso. Chikatero imani, sonkhanani, valani majuzi, ndipo musachoke m'njira pofuna chidule, chifukwa m'mbali zina muli maphompho. Mphiri imakonda kuothera dzuwa m'njira ndipo sithawa, choncho yang'anani popondapo ndipo musapise dzanja m'ming'alu ya miyala. Wina akalumidwa musacheke, musayamwe, musamange chingwe chothina. Mwendowo usagwedezeke, mumunyamule, muthamangire naye kuchipatala cha boma. Madzulo dzifufuzeni nkhupakupa m'sokosi, m'chiuno ndi kuseri kwa mawondo.

Za foni: malire ali pafupi, ndipo pena foni imalumphira pa netiweki ya ku Mozambique. Isankhireni nokha netiweki ya kuno musanakwere, ndipo muuze wina pamalo ogona njira imene mwatenga ndi nthawi yobwerera.

Lamulungu ndi la Chongoni. Derali linalowa m'kaundula wa bungwe la UNESCO wa malo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse mu 2006, ndipo lili ndi malo 127 a zojambula pamiyala. Ofikirika mosavuta ndi atatu: Chentcherere, pafupi ndi koleji ya za nkhalango, Namzeze, pamene pamafunika kukwera chitunda, ndi Mphunzi, kumadzulo kwa M1 pa msewu wafumbi wautali. Miyendo ikakhala yolema ndi phiri la dzulo, Chentcherere akukwanirani. Mphunzi amafuna m'mawa wonse ndi galimoto yokwera, kapena kabaza wa njinga yamoto amene mwapangana naye kuti akudikireni.

Mukafika paphanga yang'anani mitundu. Zofiira, za mizeremizere, timadontho ndi zozungulira, ndi zakale kwambiri, ndipo zimatchulidwa kuti ndi za Akafula kapena Abatwa, alenje amene ankakhala kuno alimi asanachuluke. Zoyera, zopakidwa ndi dothi loyera, ndi za Achewa. Zina zooneka ngati buluzi kapena chikopa choyanika zimakhudzana ndi chinamwali cha atsikana, zina ndi zilombo za Nyau. Pena choyera chimakhala pamwamba pa chofiira, ndipo mumaoneratu amene anayamba. Maso apatseni mphindi zingapo azolowere mthunzi, zofiira zofufuma zimayamba kuoneka pang'onopang'ono.

Musazigwire, thukuta ndi mafuta a m'manja zimadya utoto. Musathirepo madzi kuti chithunzi chiwale, dothi loyera limasungunuka. Musasonkhe moto m'phanga chifukwa mwaye suchoka. Mupeza mayina a anthu olembedwa ndi makala pamwamba pa zojambula. N'zomvetsa chisoni, koma musayese kufufuta nokha, mungachotsere limodzi ndi chojambulacho. M'mapanga ena muli njuchi, choncho mverani kaye kulira kwake musanalowe, ndipo mafuta onunkhira asiyeni m'chikwama.

Malo awa ali pakati pa midzi, ndipo kwa eni ake miyamboyi idakalipo. Musangodutsa pakhomo pa munthu ngati mumsewu. "Odi kuno! Mwadzuka bwanji agogo? Ndife alendo, timafuna tikaone kuphanga. Kodi kwa amfumu ndi kuti?" Mawu amenewa amatsegula njira, ndipo nthawi zambiri amakupezerani woyang'anira malowo. Kankhalango kowirira pakati pa minda nthawi zambiri ndi manda: musatolemo nkhuni, musakadzithandiziremo. Mukakumana ndi gule panjira patukani, ndipo musajambule musanaloledwe. Za m'kati mwa chinamwali wokuperekezani akazilambalala, musamukakamize.

Amene akufuna kumvetsa bwino zimene aona akhoza kutsikira ku Mua, mishoni ya mu 1902, kumene kuli malo a za chikhalidwe a Kungoni, oyambitsidwa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher, ndi nyumba yosungiramo zigoba za Gule Wamkulu pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Koma sankhani chimodzi, Mphunzi kapena Mua, zonse tsiku limodzi sizitheka popanda kuyenda usiku. Msewu wopita ku Mua, wotsikira ku Golomoti, ndi wotsetsereka ndi wamakona akuthwa. Tsikani pa giya yachiwiri, injini igwire galimoto. Mukatsika mutaponda mabuleki njira yonse amatentha, mumva fungo lopserera, kenako chopondera chimafewa osagwiranso. Mukamva fungolo imani pamalo otakasuka mphindi 20, osawathira madzi. Kumunsi n'kotentha ndipo kuli udzudzu, wogona kumeneko asaiwale neti.

Popasula tenti m'mawa wa Lamulungu imakhala yonyowa ndi mame. Ngati simungadikire dzuwa mpaka cha m'ma 9 koloko, ipindeni choncho, koma mukafika kunyumba muiyanike tsiku lomwelo. Ikakhala m'thumba masiku atatu imachita chuku ndipo nsalu yake imayamba kulowa madzi. Makala otsala muwazimitse ndi madzi, muvundule phulusa, muyandikize dzanja kuti mumve ngati lazizira. Werengani zikhomo musanakweze katundu, zimakonda kutsalira m'kapinga, ndipo mabotolo, majumbo ndi zitini zibwerere m'thumba limene munabweretsera makala.