Alandilodi akukana kubweza dipoziti? Momwe mungatsutsire ndalama zomwe akudulani

Katundu mwasamutsa, m'nyumba mwasesa, makiyi mwapereka. Sabata yatha, ina yathanso, foni ili zii. Mukafunsa za dipoziti yanu, yankho likubwera lalifupi: "Ndalama ija yathera kukonzera nyumba." Ambiri amasiyira pomwepo, poti atopa kale ndi chintchito chosamuka ndipo safuna kukokanakokana ndi munthu amene akhala naye bwino zaka zonsezi. Ine ndikuti musasiyire pomwepo. Dipoziti ndi ndalama zanu. Eni nyumba amangozisunga ngati chikole, kuti mukasiya ngongole ya lendi kapena mukaononga chinthu apeze potapa. Ndiye amene akufuna kudulapo ndi amene ayenera kusonyeza chimene chinaonongeka, umboni woti munachiononga ndinu, komanso ndalama zimene zinalowadi pokonza.

Yambani ndi mgwirizano komanso lamulo la komwe muli

Musanalembe uthenga uliwonse, tulutsani pepala la mgwirizano wa lendi lomwe munasainirana. Onani kuti dipoziti inali ndalama zingati, analemba kuti ingadulidwe pa zifukwa ziti, ndipo iyenera kubwezedwa pakatha masiku angati. Ngati munangogwirizana pakamwa, musataye mtima. Lisiti la dipoziti, uthenga wa kubanki kapena wa pafoni wosonyeza kuti munatumiza ndalama, zonsezo zimachitira umboni kuti mgwirizano unalipo.

Kenako fufuzani lamulo, chifukwa limasiyana dziko ndi dziko ndipo kawirikawiri limaposa mphamvu zomwe zalembedwa mu mgwirizano. Ku South Africa, lamulo la Rental Housing Act la mu 1999 limati dipoziti isungidwe ku akaunti yobereka chiwongoladzanja, ndipo ngati palibe chodula, ibwezedwe pasanathe masiku 7 mgwirizano utatha, pamodzi ndi chiwongoladzanjacho. Ngati pali zokonza, zotsala zibwezedwe pasanathe masiku 14 nyumba itabwezedwa kwa eni ake, ndipo wochita lendi ali ndi ufulu woona malisiti. Lamulo lomweli limanenanso kuti eni nyumba akalephera kuyendera nyumbayo limodzi ndi wotuluka, ndiye kuti avomereza kuti nyumba ili bwino, sangadulenso kanthu. Ku England, kuyambira mu 2007, dipoziti ya nyumba zambiri za lendi imayenera kutetezedwa ku limodzi mwa mabungwe ovomerezeka ndi boma. Masiku ano eni nyumba amapatsidwa masiku 30 kuti achite zimenezi, ndipo akanyalanyaza, khoti likhoza kuwalamula kulipira chindapusa chofika mpaka katatu kuchuluka kwa dipozitiyo. Ku New York, m'dziko la America, eni nyumba ali ndi masiku 14 oti apereke mndandanda wa zomwe adula, apo ayi ataya ufulu wodula. Ku California, ku America komweko, ndi masiku 21.

Zimene mukufuna pa lamulo la kwanu ndi zitatu: tsiku lomaliza lobwezera, ngati eni nyumba amakakamizidwa kupereka mndandanda ndi malisiti, komanso komwe mungakadandaule. Nthawi zina nkhani imathera pano, mukangopeza kuti tsiku lija linadutsa kale.

Sonkhanitsani umboni

Mkangano wa dipoziti umayankha funso limodzi: kodi nyumba inali bwanji tsiku lomwe munalowa, nanga inali bwanji tsiku lomwe munatuluka? Chilichonse chimene chingaonetse masiku awiriwa ndi chofunika. Pepala lomwe munalembapo mmene nyumba inalili polowa ndilo lamphamvu kwambiri, makamaka ngati nonse munasainapo. Ngati palibe, vuto lalikulu lili kwa eni nyumba, chifukwa iwo ndi amene ayenera kusonyeza kuti chinthucho chinali chabwinobwino musanalowe.

Fufuzani m'foni mwanu mofatsa. Chithunzi cha mwana akusewera pabalaza, chojambulidwa mwezi woyamba mutalowa, chikhoza kuonetsa kumbuyo kwake mng'alu wa pakhoma womwe lero akuti munachititsa ndinu. Foni imasunga tsiku lomwe chithunzi chinajambulidwa, choncho musachidule kapena kuchikonza. Chisungeni mmene chilili. Fufuzaninso mauthenga a pa WhatsApp kapena imelo omwe munadandaulapo za denga lodontha, mpope wotaya madzi kapena chitseko chosatsekeka bwino. Uthenga woti "Bambo, denga la kuchipinda likudonthabe" wokhala ndi tsiku lake umasintha nkhani yonse ya chuku chakuda chomwe chamera pakona ya khoma.

Onjezerani malisiti a lendi, chithunzi cha manambala a pamita ya madzi ndi ya magetsi tsiku lotuluka, umboni woti mabilu munalipira, ndi uthenga wosonyeza tsiku lomwe munapereka makiyi. Tsiku la makiyi musalipeputse. Pambuyo pake m'nyumbamo mumalowa amisiri, ofuna kuona nyumba ndi ena ambiri, ndipo zomwe zaonongeka nthawi imeneyo si zanu.

Pemphani mndandanda wolembedwa

Musatsutsane ndi mawu akuti "zokonza nyumba". Mawu amenewa alibe pogwira. Lembani uthenga waufupi wopempha kuti akulembereni chinthu chilichonse pachokha, mtengo wake, chithunzi chake, ndi lisiti kapena kotesheni ya mmisiri. Kuyambira pano zonse zikhale zolembedwa. Akakuimbirani foni, yankhani mwaulemu, koma mukamaliza tumizani uthenga wobwereza zomwe mwakambirana, kuti pakhale chotsalira.

Siyanitsani kutha kwa zinthu ndi kuononga

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene anthu ambiri amaberedwa osadziwa. Nyumba yokhalamo anthu imatha pang'onopang'ono. Penti imafwifwa ndi dzuwa. Pamene pamadutsadutsa anthu, pansi pamaperepeseka. Zogwirira zitseko zimagwedera, mipope imayamba kudontha chifukwa timphira ta mkati tatha. Zimenezi zikanachitika ngakhale m'nyumbamo mukanakhala munthu wosamala chotani, ndipo ndi zomwe lendi ya mwezi ndi mwezi imalipirira. Sizidulidwa pa dipoziti.

Kuononga ndi kwina: galasi la windo losweka, chitseko chobooka, sinki yong'aluka chifukwa panagwera chinthu cholemera, chipsera cha ayironi pa kapeti, khoma lolembedwalembedwa, makiyi otayika. Zoterezi mukuyenera kulipira. Ndikulangizani kuti zimene zili zanu muzivomere msanga ndiponso poyera. Munthu wokana chilichonse, ngakhale galasi lomwe aliyense akuliona kuti ndi losweka, amadziononga yekha pamaso pa woweruza, ndipo zoona zomwe akunena pa zinthu zina zimayamba kukayikitsa.

Komabe ngakhale pamene mwaononga, eni nyumba sayenera kupezerapo mwayi wogula chatsopano ndi ndalama zanu m'malo mwa chinthu chomwe chinali chakale kale. Tiyerekeze kuti kapeti ya mtundu umenewo imakhala zaka 10, ndipo pomwe mumatuluka inali itatha zaka 7. Ngati munaionongadi moti singagwirenso ntchito, chomwe eni nyumba ataya ndi zaka 3 zomwe zinatsala. Choncho gawo lanu ndi magawo atatu mwa magawo khumi a mtengo wa kapeti yatsopano, osati mtengo wonse. Umu ndi mmene oweruza mikangano ya dipoziti amawerengera m'malo ambiri. Ndiye funsani kuti: chinthuchi chinagulidwa liti? Nyumbayi inapentedwa komaliza chaka chanji? Ngati mwakhalamo zaka zisanu osapentedwa, n'zovuta kuti wina akulipiritseni penti ya nyumba yonse. Funsaninso ngati chinthucho chikanatheka kuchikonza kapena kuchitsuka m'malo mogula china. Thimbiriro limodzi pakona silifuna kapeti yatsopano ya chipinda chonse.

Nkhani ya ukhondo nayo imavuta. Muyeso wake ndi woti musiye nyumba yoyera mofanana ndi mmene munaipezera, osati kuposa apo. Ngati munaipeza ili ndi fumbi ndi akangaude, sangakulipiritseni kampani yoyeretsa kuti aikonzere wolowa watsopano.

Tengani pepala, lembani chinthu chilichonse chomwe adula, ndipo pambali pake lembani chimodzi mwa izi: ndikuvomera, ndikuvomera koma mtengo wakwera, kapena ndikukana. Pomwe mukuti mtengo wakwera, pezani kotesheni yanu kwa mmisiri wina kuti pakhale poyerekeza.

Lembani kalata

Kalata ikhale yaifupi, yaulemu, yopanda mawu onyoza. Muziilemba mukudziwa kuti tsiku lina ikhoza kuwerengedwa ndi woweruza amene sakukudziwani nonse awiri. Ikhoza kuyenda motere:

"Bambo, ndalandira mndandanda wa ndalama zomwe mwadula pa dipoziti yanga. Za galasi la windo la kukhitchini ndikuvomera, ndipo mukhoza kudula malinga ndi lisiti lomwe mwanditumizira. Za penti ya pabalaza ndikukana, chifukwa ndakhala m'nyumbamo zaka zinayi ndipo sinapentedwepo nthawi yonseyi. Za chuku cha kuchipinda ndikukananso, popeza chinabwera ndi kudontha kwa denga, komwe ndinakudziwitsani mu uthenga womwe ndaphatikiza pano. Ndikupempha kuti ndalama zotsalazo munditumizire pasanathe masiku 14 kuchokera lero. Zikapanda kutero, ndikakamizika kukatula nkhaniyi kwa oweruza."

M'kalata yanu yeniyeni tchulani ndalama zenizeni, masiku enieni ndi nambala ya akaunti yolandirira. Ngati lamulo la kwanu lili ndi tsiku lomaliza lomwe ladutsa kale, litchuleni m'chiganizo chimodzi, osaopseza. Tumizani m'njira yosiya umboni woti yafika, ndipo sungani kope lanu. Ngati nyumba imayang'aniridwa ndi ejenti, tumizani kwa onse awiri, ejentiyo ndi eni ake.

Akafuna kukambirana

Nthawi zambiri kalata yotere imabweretsa foni yoti "tiyeni tikumane pakati". Si zoipa. Ganizirani nthawi ndi mphamvu zomwe mlandu ungakudyereni, ndipo ngati kusiyana kwatsala pang'ono, kumvana kuli bwino. Koma chenjerani ndi chinthu chimodzi. Akakupatsani gawo la ndalama limodzi ndi pepala loti musaine, werengani mzere uliwonse. Ngati mwalembedwa kuti mwalandira zonse ndipo nkhani yatha, mukasaina mwadzitsekera nokha khomo. Ngati simunakhutire, lembani kuti mukulandira gawo lomwe palibe mkangano, ndipo zotsalazo mukuzifunabe. Gawo lopanda mkanganolo sayenera kuligwira n'cholinga chokukakamizani kugonja pa zinazo.

Zikakanika, pitani kwa oweruza

Masiku omwe munapereka akatha popanda yankho, chitani zomwe munanena. Kumene dipoziti imasungidwa ndi bungwe lapadera, monga ku England, bungwelo lili ndi oweruza ake omwe amaunika mikangano mwaulere. Iwo sapita kukaona nyumba, amangoyang'ana mapepala ndi zithunzi zomwe mbali ziwiri zatumiza, ndipo ndalama zomwe mukukanganiranazo zimasungidwa kubungweko mpaka chigamulo chitatuluka. Ku South Africa kuli mabwalo oweruza mikangano ya lendi otchedwa Rental Housing Tribunal m'zigawo, omwenso salipiritsa, ndipo chigamulo chawo chili ndi mphamvu ngati cha khoti la majisitireti. Kumene kulibe zoterezi, njira ndi khoti loweruza milandu ya ndalama zochepa, komwe kawirikawiri munthu amadziyankhulira yekha popanda loya ndipo ndalama zotsegulira mlandu ndi zochepa. Kalaliki wa pakhoti akhoza kukuuzani fomu yoyenera kulemba.

Anthu amati mlandu suola, koma pa nkhani iyi umaola ndithu. Makhoti ali ndi malire a nthawi yotsegulira mlandu, ndipo mabungwe ena osunga dipoziti amangopereka miyezi yochepa kuchokera tsiku lotuluka. Funsani malirewo koyambirira.

Pokonzekera, sanjani mapepala motsatira masiku: mgwirizano, lisiti la dipoziti, zithunzi za polowa, mauthenga odandaula, zithunzi za potuluka, mndandanda wa eni nyumba, kalata yanu. Chithunzi chilichonse chilembeni pansi kuti ndi cha chipinda chiti komanso cha tsiku liti, ndipo cha polowa muchiike pambali pa cha potuluka cha malo omwewo, kuti woweruza asavutike kufufuza. Pamwamba pa zonse ikani tsamba limodzi lofotokoza ndalama zomwe mukufuna ndi chifukwa chake, chinthu ndi chinthu. Ngati pali munthu amene analipo tsiku lomwe mumapereka makiyi, mupempheni alembe zomwe anaona ndi kusainapo. Za khalidwe la alandilodi, kaya ankalankhula mwachipongwe, kaya ankabwera osagogoda, zisiyeni pokhapokha ngati zikukhudza ndalama zomwe adula. Konzani makope atatu: lanu, la woweruza ndi la mbali inayo.