Momwe mungayezere mafunso ofanizira pokonzekera mayeso a GRE

Ambiri ofuna kukachita digiri yachiwiri ku America amafunika kulemba GRE, mayeso a bungwe la ETS. Chomvetsa chisoni n'chakuti mabuku akale amene anthu amatumizirana pa WhatsApp ndi odzaza ndi mafunso amene anachoka kale pa mayesowa. Musanachezere usiku wonse pa funso, yambani mwaliyeza.

Choyamba, onani chaka cha bukulo. Mu Ogasiti 2011 a ETS anachotsa mafunso ofananitsa mawu awiriawiri, ndipo mayeso ena a mafunso ofanizira mawu otchedwa Miller Analogies Test anathetsedwa mu 2023. Funso la mawu awiri okha, lopanda chiganizo, lisiyeni.

Komatu kufanizira kukadalipo m'ziganizo za Text Completion ndi Sentence Equivalence, mitundu iwiri ya mafunso a GRE imene mumasankha mawu odzaza pamalo posiyidwa m'chiganizo. Taonani ichi: "Just as a sieve separates bran from flour, a good editor ____ the essential from the trivial."

Phimbani mayankho ndi dzanja. Nenani ubale wa mbali yoyambayo m'mawu anu: sefa imalekanitsa madeya ndi ufa. Mawu oti "just as" akusonyeza kuti mkonzi naye akuchita zomwezo, ndiye pamalo posiyidwapo pakufunika liwu la kulekanitsa. Mukatero chotsani dzanja; tinene kuti pakati pa mayankhowo pali "distinguishes" (kusiyanitsa) ndi "grinds" (kugaya). "Distinguishes" likukwana. "Grinds" lakusocheretsani chifukwa likukumbutsa chigayo, koma siligwirizana ndi ntchito ya sefa. Apa m'pamene ambiri amagwera: amasankha liwu lofanana ndi nkhaniyo, osati ndi ubalewo. Mukaona "unlike" kapena "although", dziwani kuti ubalewo watembenuka.

Kenako liweruzeni funsolo. Labwino limakhala ndi umboni m'chiganizo momwemo, woti mungauloze ndi chala. Ngati mayankho awiri akukwana pomwe lofunika ndi limodzi, ndipo bukulo silikufotokoza chifukwa chake, funsolo n'lolembedwa molakwika. Musaliloweze.

Pa Sentence Equivalence samalani kwambiri. Mayankho ndi 6, mumasankha awiri opereka tanthauzo lofanana, ndipo mukakhoza limodzi lokha simupeza malikisi.

Pomaliza dziyikireni wotchi. Kuyambira Seputembala 2023 gawo la Verbal, momwe muli mafunso a mawu ndi kuwerengawa, lili ndi mafunso 27 m'mphindi 41, kutanthauza pafupifupi mphindi imodzi ndi theka pa funso. Mayeso oyeserera a POWERPREP, a ETS eni ake, ndiwo oyenera kuyerekezera nawo funso lililonse limene mwalipeza kwina.