Mmene mungayesere njira zachisankho ndi timapepala 100 patebulo

Ndikafuna kuti munthu amvetse kusiyana kwa njira zosankhira atsogoleri, sindiyamba ndi mayina ake ovutawo. Ndimadula timapepala 100, n'kulembapo mavoti a zipani zitatu: A alandire 40, B 35, C 25. Pakapepala kalikonse ndimalembanso chipani chimene wovotayo angakonde ngati chake chitagwa. Kenako timawerenga timapepala tomweto kangapo. Inunso yesani, cholembera ndi tebulo basi.

Yambani ndi njira ya amene watsogola ndiye wapambana, yomwe Britain ndi mayiko ambiri amene ankalamulidwa nayo amagwiritsa ntchito. Unjikani timapepala m'milu itatu. A watenga mpando ndi mavoti 40. Tsono ikani mulu wa B pamwamba pa wa C, muuyang'ane. Anthu 60 amene sanamufune A ali m'dzanja lanu, ndipo alibe woimira. Muluwu ndi umene umandiwawa.

Kachiwiri, funani kuti wopambana apitirire theka la mavoti, chomwe ambiri amangoti 50+1. Pali njira ziwiri. France imabweza anthu kukavotanso patatha sabata ziwiri, pakati pa awiri otsogola pa mpando wa pulezidenti. Australia, kuyambira 1918, imamaliza tsiku limodzi: wovota amalemba 1, 2, 3 pambali pa mayina. Chitani monga a ku Australia. Chotsani C popeza watsalira, tengani timapepala take 25 muone amene analembedwa kachiwiri. Tinene kuti 18 tapita kwa B, 7 kwa A. B wafika 53, A 47. Palibe wovota amene wasintha maganizo, koma wopambana wasintha. Pa mpando umodzi ngati wa pulezidenti njirayi ndimaivomereza ndi mtima wonse. Pa nyumba ya malamulo siithetsa vuto, chifukwa C atha kupeza gawo limodzi mwa magawo anayi a mavoti m'dera lililonse koma osaona mpando n'umodzi womwe.

Kachitatu, gawani mipando molingana ndi mavoti. Tinene kuti dera ndi lalikulu ndipo lili ndi mipando isanu. Gwiritsani ntchito masamu a Victor D'Hondt wa ku Belgium, dziko limene linatenga njira yotereyi mu 1899. Gawani mavoti a chipani chilichonse ndi 1, kenako 2, kenako 3. A apeza 40, 20, 13.3. B 35, 17.5, 11.7, C 25, 12.5, 8.3. Zungulizani manambala asanu aakulu: 40, 35, 25, 20 ndi 17.5. A wapeza mipando iwiri, B iwiri, C umodzi. South Africa imagawa mipando 400 ya nyumba yake ya malamulo molingana ndi mavoti kuyambira 1994, n'chifukwa chake ANC itatsika kufika pafupifupi 40 peresenti mu 2024 inapeza mipando 159, n'kuyamba kufunafuna ogwirizana nawo. Apa musathamange. Funsani kuti akulemba ndani mndandanda wa mayina a anthu okakhala pa mipando imene chipani chapeza. Ngati ndi akuluakulu a chipani, phungu amaopa iwowo kuposa inu amene munavota, ndipo mlatho ukakokoloka simudziwa khomo lokagogoda.

Njira yosakaniza ndi imene ndimathera nayo nthawi yambiri, chifukwa imayesa kusunga zonse ziwiri. Wovota ali ndi mavoti awiri, lina la phungu wa dera lake, lina la chipani. Jambulani nyumba ya mipando 20, khumi ya madera, khumi yoonjezera. Mwa mavoti athu aja, A ayenera mipando 8, B 7, C 5. Tinene kuti m'madera A wapambana 7, B 3, C palibe. Mipando yoonjezera imakwaniritsa zimene zaperewera: A mpatseni umodzi, B inayi, C isanu. Dera lililonse lili ndi phungu wake wodziwika nkhope, komanso nyumba yonse ikufanana ndi mmene anthu anavotera.

Germany ndi New Zealand zimachita zofanana ndi zimenezi, ndipo zonse zinaika malire a 5 peresenti kuti tizipani tating'ono tisachuluke. Anthu a ku New Zealand anaisankha okha pa referendamu ya 1993. Lesotho inafikapo mowawa: mu 1998 chipani cha LCD chinatenga mipando 79 mwa 80 ndi mavoti ongopitirira 60 peresenti, ziwawa zinabuka, ndipo mu 2002 dzikolo linavota ndi mipando 80 ya madera ndi 40 yoonjezera.

Chenjerani ndi njira ina yooneka ngati yomweyi, monga ya ku Japan, pomwe mipando ya mndandanda imagawidwa payokha osayang'ana zimene chipani chapeza kale m'madera. Iyeseninso patebulo lanu. A atenga 7 ya madera aja n'kuonjezera ina inayi, afike 11 mwa 20 ndi mavoti 40 okha.