Khanda nalonso muziliwerengera buku

Makolo anzanga, nkhani iyi ndimaikamba pafupifupi tsiku lililonse la sikelo, ndipo sipalephera kupezeka mayi wondifunsa kuti alangizi, mwana woti akuyamwa uyu amva chani za m'buku? Amamva ndithu. Mwana amayamba kumva mawu a mayi ake akadali m'mimba, miyezi itatu yomaliza ija, ndiye akabadwa khutu limakhala likutola mawu tsiku ndi tsiku ngakhale kuti pakamwa sipanatseguke. Masiku 1000 oyambirira amene timakuuzani pa nkhani ya kadyedwe aja, kuyambira pamene mayi watenga pakati mpaka mwana atakwanitsa zaka 2, ndi nthawi yomwenso ubongo umakula mothamanga, musadikire mpaka adzafike zaka 6 kuti akakumane ndi buku ku sitandade 1, kumeneko nkuchedwa.

Kachitidwe kake nkosavuta. Akangokhuta bere kapena mukamaliza kumusambitsa madzulo, mukhazikeni pamiyendo, msana wake utsamire pachifuwa panu, buku likhale pafupi ndi nkhope poti khanda siliona patali. Lozani chithunzi ndi chala, uyu ndi tambala, amati kokoliliko, kenako khalani chete kaye kuti nayenso ayankhe ndi ba ba wakeyo, inu nkumuyankhanso ngati mukucheza ndi munthu wamkulu. Kuyankhana kumeneku ndi kumene ndimafuna kwambiri kuposa kumaliza masamba onse. Mphindi 5 zakwana. Akayamba kutembenuza mutu kapena kulira tsekani, mudzapitiriza mawa. Akaliluma bukulo musamukalipire, khanda limadziwa zinthu ndi pakamwa.

Mabuku ndi odula, ndikudziwa. Koma katoni ya sopo ilipo pa okala iliyonse, dulani zidutswa zinayi kapena zisanu, matanipo zithunzi za pa kalendala yakale ndi phala la ufa wa chinangwa, boolani m'mbali nkusoka ndi ulusi wolimba, buku latheka ndipo siling'ambika msanga. Amene muli m'tauni pitani ku laibulale ya National Library Service mukafunse mabuku a ana, akumudzi funsani alezi a ku sukulu ya mmera mpoyamba.

Ndipo musanene kuti ine sindinapite kusukulu. Chithunzi aliyense amawerenga. Agogo akangoti padangokhala ana nkuvomera tili tonse, ntchito yake ndi yomweyi. Abambo inunso, mwana azolowere mawu anu, musanapite ku bawo mutengeni kaye.

Foni yokha ndiye ayi chonde. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonere foni kapena TV, katuni imangoyankhula yokha siyidikira kuti mwana ayankhe.

Akafika zaka 2 kapena 3 azikubweretserani buku lomwelomwelo tsiku lililonse mpaka inu kutopa nalo, musamukanize, pakubwereza ndi pamene mawu amakhazikika. Pamenepo muzimufunsa, mbuzi ili kuti? ikudya chani? ndipo tsamba azitembenuza yekha.